Mtengo wa Malo Anga pa Benchi ya a Domingo

Masiku ano ndikamapita kumsika ku Cassacatiza ndimadzera njira yakuseri kwa chigayo, ngakhale ndi yozungulira komanso ili ndi agalu opanda mwambo. Anthu amayesa ndimakonda kuyenda. Ayi ndithu, ndimazemba baraka ya a Domingo, kagolosale kogulitsiramo zakumwa. Ndipo chimene chinandichotsa kumeneko si ngongole, si ndewu, si mkazi wa mwini. Anandichotsa ndi masamu anga omwe.

Muyambe mwadziwa kuti ine kwathu kuno ndinabwerera mochedwa. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Zambia ndili mnyamata, ndevu zikungoyamba kumene. Mtendere utabwera anzanga anakwera malole n'kubwerera kwawo, koma ine ndinali nditakodwa kale. Ndinakwatira komweko, ndinakhala mkamwini, n'kumalima munda wa apongozi ndi kusintha ndalama pa boda. Zaka zinapita. Mkazi wanga atamwalira, abale ake anadikira kuti mwambo wonse uthe, kenaka anandisudzula mwaulemu kwambiri. Anandiyamika, anandipatsa nkhuku, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Zoti ana ndi a kuchikazi ndinkazidziwa kuyambira kale, koma tsiku limenelo zinandilemera ngati ndikuzimva koyamba.

Ndinafika kuno ndi njinga, nkhuku ija, ndi foni imene mwana wanga wamkazi anandigulira. Mayi anga ndi malume anali atagona kalekale, mlongo wanga ali ku Tete ndi ana ake. Amfumu anandipatsa malo, ndinamanga kanyumba, basi. Ku Zambia zaka zonsezo ankanditchula a Mozambiki. Kuno, tsiku loyamba lomwe, nditangonena kuti "boda" m'malo monena kuti "fronteira", ndinasanduka a Zambiano.

Kusungulumwa kwa munthu wamkulu n'kochititsa manyazi. Mwana akasungulumwa amalira, anthu n'kumunyamula. Iwe wa imvi umangosesa pabwalo kawiri. Ine ndinkacheza ndi nkhuku ija, mpaka nayonso inasamukira kwa aneba kumene kunali tambala (sindiiimba mlandu, nkhani zanga zinali zobwerezabwereza).

Kumene kunkamveka kuseka ndi ku baraka ya a Domingo. Iwo anali ndi sola, kanema, komanso pakhonde pawo rede, ndiye kuti netiweki ya foni, inkagwira bwino. Loweruka ndi Lamlungu masana amuna ankadzaza benchi yaitali, aliyense foni kumanja, kuonera mpira ndi kubetcha. Kuno kubetchako amati aposta. Eni ake enieni a benchiyo anali atatu: a Domingo omwewo, a Sitefano amene amatsogolera kwaya ku tchalitchi (iwowa ankabetcha foni ataibisa m'chipewa), ndi Zeka wa mota (njinga yamoto yonyamula anthu), bambo wa ana awiri amene pakamwa pake pamathamanga kuposa mota yake. Ine ndinkapita kukatchajitsa foni yodzaza kale. Ndinkalipira, n'kuima pambali pa mzati ngati ndikudikira kuti idzaze. Ankandipatsa moni, inde, koma palibe ankasuntha kuti ndikhale.

Tsiku lina ndinasuzumira pa foni ya Zeka. Pa masewero aliwonse panali manambala atatu: ya eni bwalo, ya alendo, ndi ya empate, ndiye kuti kufanana mphamvu. Nambala iliyonse inkasonyeza kuti ndalama yako aichulukitsa kangati ukalosera bwino. Iwo amawatchula ma odi. Zinthu zimenezi ndinazizindikira. Wosintha ndalama amakhala ndi mitengo iwiri, wogulira ndi wogulitsira, ndipo chakudya chake chimakhala pakati pamenepo. Samapemphera kuti kwacha ikwere kapena metikali itsike. Amangofuna kuti anthu azidutsa. Ndinaona kuti kampani ya aposta ndi mnzanga wa ntchito, kungoti iyo ili ndi mitengo itatu.

Ndinalembetsa ku makampani atatu, osati kuti ndizibetcha, koma kuti ndiwayeze. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango kunyumba, n'kutenga manambala atatu aja, n'kudzifunsa kuti: kodi ndiike zingati mbali iliyonse kuti, zivute zitani, ndilandire ndalama yofanana? Pa nambala yaing'ono umaika zambiri, pa yaikulu umaika zochepa. Ukaphatikiza zonse zimene waika, nthawi zonse zinkaposa zimene ulandire. Chotsalacho ndiye cha kampani. Ndinapeza kuti kampani ina inkadya pang'ono pa masewero akuluakulu a ku Ulaya, koma pa masewero ang'onoang'ono inkameza osatafuna. Ina inkakometsera nambala ya alendo kuti anthu atengeke, n'kukadula pa empate pamene anthu sayang'anapo. Yachitatu inkafuula za bonasi, koma manambala ake onse anali owonda. Ndinasangalala ngati ndatola kanthu. Ndinati, basi, tsopano ndili ndi nkhani yokanena ku benchi.

Loweruka ndinagula mtedza wokazinga n'kupita nawo. Pa nthawi yopumulira ndinatsokomola, n'kunena kuti, "Akuluakulu, ndingakuonetseni kanthu?"

"Taonetsani, a Zambiano," anatero a Domingo, maso ali pa foni.

Ndinaunjika milu itatu pa thebulo, uliwonse njere khumi. "Tinene kuti matimu ndi ofanana mphamvu, ndipo nambala ndi 2.70 mbali zonse zitatu. Uwu ndi mulu wa eni bwalo, uwu wa empate, uwu wa alendo. Zonse pamodzi njere makumi atatu. Tsono mbali imene yawina aibwezera njere makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Zitatu izi zapita kuti?"

Ndinatola njere zitatuzo n'kuziponya m'kamwa. "Kampani imeneyo," ndinatero ndikutafuna. "Mpira usanayambe n'komwe, iyo yadya kale."

Ndinayembekezera kuti agwira pakamwa. Zeka anangoyang'ana milu ija n'kufunsa kuti, "Nanga madala, awina ndani lero?"

"Nkhani yake si imeneyo."

"Epa! Ndiye nkhani yake ndi iti?"

A Sitefano anafunsa mwaulemu ngati mtedza wotsalawo unali ndi ntchito ina. Anagawana, mpira unayambanso, ine n'kubwerera pa mzati wanga.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati vuto ndi mtedza, anthu awa afunika kuona ndalama yeniyeni ikusowa. Sabata yotsatira, ndisanachoke kunyumba, ndinagula matikiti atatu pa masewero amodzi: eni bwalo, empate, alendo. Cholinga changa chinali choti mpira ukatha ndiwaonetse onse atatu pamodzi, aone okha kuti ndaika zambiri n'kulandira zochepa. Ndinakonzeratu ndi mawu otsekera phunzirolo, ndipo ndinawayeserera m'njira.

Mpira unatha ndi empate. Benchi yonse inali itaika pa eni bwalo, moti panali zii ngati pamaliro. Mu bata limenelo foni yanga inalira mokweza pomwe inali pa chaja. Zeka, amene anali pafupi, anaitola. Pamwamba penipeni panali tikiti wobiriwira.

"Xii! A Zambiano awina! Anaika empate!"

Anthu anadzuka. Foni inayenda m'manja ngati mwana wobadwa kumene. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tsitsani pansi muone matikiti awiri ofiira. Ndikulumbira, mawuwo anali atafika kale pa lilime. Koma a Domingo anakuwa kuti, "Sunthani inu, madala akhale pansi!" Anatsegula refresiko, botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kundipatsa osalipiritsa. Ndipo Zeka anandikoleka dzanja paphewa n'kulisiya pomwepo. Chichokereni ku maliro a mkazi wanga panalibe munthu anali atandigwirapo. Ndinatseka pakamwa, n'kumwa refresiko.

Kuyambira pamenepo sabata iliyonse ndinkagula matikiti atatu. Mpira ukatha ndinkaonetsa wobiriwirayo, chala changa chachikulu chitaphimba kumunsi kwa foni. Ndipo musaganize kuti ndinkachita mwaumbuli. Ndinkasankha kampani yodya pang'ono, pa masewero amene manambala ake anali onenepa, moti chimene ndinkataya pa sabata sichinkafika mtengo wa botolo la mowa. Mwa anthu onse a pa benchi ija, ndine ndekha amene ndinkadziwiratu kuti ndiluza zingati, ndipo ndinkazilipira ndi mtima woyera. Ndinkati ena amalipira yunifolomu kuti aimbe nawo kwaya, nanga ine ndalakwa chiyani?

Zinali sabata zokoma, ndisaname. Malo anga anali pakati pa a Sitefano ndi Zeka. Ndikachedwa ankaikapo chipewa kuti wina asakhalepo. Anayamba kundiseka za Chipwitikizi changa chothyokathyoka, ine n'kumawaseka za matimu awo. A Domingo anandifunsa za ku Zambia, ndipo ndinapeza kuti iwonso anakhalako ku msasa wa othawa nkhondo ali mwana, moti tinakumbutsana za nyemba zija zosapsa ngakhale uziphike tsiku lonse. Ndinkabwerera kunyumba nditasasa mawu.

Vuto linali limodzi. Munthu wowina sabata iliyonse anthu amafuna awauze mpira usanayambe. Ine ndinkangomwetulira n'kunena kuti, "Zoterezi sanena." Poyamba ankaseka. Kenaka anayamba kunong'onezana kuti mwina ndinabwera ndi mankhwala kuchokera ku Zambia (ndikanakhala nawo ndikanayamba ndawamwetsa nkhuku ija kuti ibwerere). Kenaka kusekako kunayamba kuchepa. Tsiku lina ndinamva wina kumapeto kwa benchi akuti, "Amadya okha madala amenewa." Ndinaona kuti malo anga ayamba kugwedera.

Kunali kukubwera masewero aakulu Lamlungu. Lachisanu ndikugula sopo, a Domingo anandikodola n'kundilowetsa m'kachipinda kosungira makireti.

"A Zambiano, ine ndi inu tinadya nyemba za msasa umodzi. Ndiuzeni ine ndekha."

Ndikanatani? Ndinayang'ana kudenga ngati ndikufunsa mizimu, n'kunong'ona kuti, "Eni bwalo. Koma musauze munthu."

Kunyumba ndinayamba kuganiza. Eni bwalo akaluza, a Domingo andithamangitsa, ndipo benchi yonse ipita nawo. Mtima wa wosintha ndalama sufuna kuika zonse mbali imodzi. Ndiye Loweruka m'mawa Zeka atandinyamula pa mota ulere, n'kuimitsa dala pakati pa tchire, n'kuzimitsa injini, ndinadziwa chimene akufuna.

"Madala, mafuta akwera. Ndithandizeni kamodzi kokha."

"Alendo," ndinatero. "Koma musauze munthu."

Lamlungu titatuluka mu Misa, a Sitefano anandigwira mkono pakhomo pa tchalitchi, buku la nyimbo lili kukhwapa. Sanafunse n'komwe, anangokweza nsidze. Panali patatsala mbali imodzi yokha, ndiye ndinawapatsa empate. Ndinapita kunyumba ndikudziyamikira kuti zivute zitani, mnzanga mmodzi nditsala naye. Zoti anthu atatuwa amakhala pa benchi imodzi, ndipo ine pakati pawo, zinandifikira m'mutu nditakhala kale pansi, woimbira ataliza wezulo.

Eni bwalo anagoletsa msanga. A Domingo anadumpha kuseri kwa kauntala, anandiyang'ana, n'kunditsinzinira diso. Zeka anandiyang'ananso, koma mwa mtundu wina. Ndinamugwedezera mutu pang'ono kusonyeza kuti adekhe, mpira ndi wautali.

Atabwerako kopumulira alendo anabweza. A Sitefano anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya, n'kundisisita bondo mobisa. Zeka anandigunda ndi chigongono kumbali inayi, akumwetulira. A Domingo anasiya kutsinzina. Ine ndinayamba kupempha mumtima kuti mtambo uphimbe sola, kapena rede igwe, kapena kugwe chimvula ku Ulaya komweko mpira uimitsidwe. Dzuwa linawala bwino lomwe.

Mpira uli pafupi kutha, alendo anagoletsa chachiwiri. Zeka anakuwa mpaka agalu akuchigayo anayankha. Anandinyamula m'chiuno, munthu wa imvi ine, n'kundizungulitsa miyendo ili lendelende.

"Anandiuza! Madala anandiuza pa mota! Anati alendo!"

Kenaka ananditsitsa. A Sitefano anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Anakuuza alendo?" anafunsa. "Ine anandiuza empate. Pakhomo pa tchalitchi."

A Domingo anazimitsa kanema, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita masana. Anabwera n'kuima patsogolo panga, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa foni. Nthawi imeneyi chala changa sichinaliponso, ndiye anatsitsa pansi n'kuona zonse: wobiriwira mmodzi, ofiira awiri, wobiriwira mmodzi, ofiira awiri, mpaka kukafika tsiku la refresiko lija. Anthu anaunjikana kumbuyo kwawo.

"Ndiye kuti sabata zonsezi inu mumaluza?"

"Pang'ono pokha," ndinayankha.

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Nanga mumachitiranji?"

Apa ndi pamene ndikanapulumukira. Ndikanangonena zoona, kuti kunyumba kwanga kulibe munthu wonena naye, kuti ndinkaopa kubwerera pa mzati. Anthu aja si oipa, ndipo onse amadziwa kuti kufika kwanu ngati mlendo kumawawa bwanji. Koma munthu wamwamuna kunena zimenezo pagulu, pamaso pa Zeka? Pakamwa panga panasankha njira ina. Ndinawongola kolala n'kunena kuti, "Komatu tsopano mwaona zimene ndinkanena zija. Mukaphatikiza zimene mwaika atatu inu, n'kuchotsapo zimene walandira Zeka, mupeza kuti kampani..."

"Iii, abale inu," anatero a Sitefano, n'kukhala pansi.

A Domingo anandibwezera foni ndi manja awiri. "Ife timayesa ndife anzanu," anatero, osakweza mawu. "Kani munatiunjika milu itatu."

Ndinatsanzika. Ndinakwera njinga mofulumira, ndipo nditangoponda kamodzi tcheni inagwa, pomwepo pamaso pa khonde lonse. Ndinagwada n'kuyamba kulimbana nayo, manja bii ndi girizi, anthu akungondiyang'ana. Ikanakhala sabata yapitayo akanandiseka mpaka kugwa pa benchi, ndipo Zeka akanabwera kudzandikonzera. Tsiku limenelo palibe anaseka. Tcheni itakanika ndinaikankha njingayo mpaka kunyumba.

Palibe anandilalatira, palibe anandiitanira ku bwalo, palibe ananditumizira mawu oti ndibweze kanthu. Chimene anachita n'choposa pamenepo: anayambanso kundilemekeza. Ndikakumana ndi a Domingo pamsewu amaima, amavula chipewa, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?" A Sitefano amandipatsa dzanja la mtendere mu Misa ngati mmene amapatsira mlendo wochokera ku parishi ina. Dzina lija la a Zambiano, limene poyamba linkandipsetsa mtima, linafa. Sindinkadziwa kuti munthu angalakelake dzina lomunyoza. Zeka yekha ndiye amandiimbira belu akamadutsa (mpaka pano amauza anthu kuti iye ndi amene ndinamuuza zoona, enawo ndinangowasocheretsa dala), koma saima.

Ndipo musaganize kuti phunziro langa linagwira. Benchi imadzazabe Loweruka lililonse, ndipo ndimamva kuti ambiri anasamukira ku kampani ya bonasi ija, yodya kwambiri pa zonse zitatu.

Ine ndinasiya aposta, poti panalibenso woonetsa tikiti. Foni inkangokhala pa zenera, masiku n'kumapita osalira. Ndiye tsiku lina masana ndikupalira kuseri kwa nyumba ndinaimva ikulira. Ndinataya khasu n'kuthamanga, ndikuganiza kuti mwina ndi a Domingo, mwina mtima wawo wakhala pansi. Unali uthenga wa m'Chipwitikizi wochokera ku kampani ija yodya pang'ono. Ndinauwerenga movutikira, liwu ndi liwu. Unkanena kuti, "Bwenzi lathu lokondedwa, takusowani kwambiri. Bwererani, malo anu akukudikirani."

Ndikudziwa kuti uthenga umenewo amalemba ndi makina, ndipo amautumiza kwa aliyense amene wasiya kuwapatsa ndalama. Ndikudziwa ndi zimene amadya pa munthu aliyense wobwerera, mwina kuposa antchito awo ena. Komabe ndinakhala pansi pa khonde n'kuuwerenga kachiwiri, kenaka kachitatu. Chibwerereni kwathu kuno, panalibe amene anandiuzapo kuti wandisowa. Ndinapukuta dothi m'manja, n'kulemba mwaulemu wonse kuti, "Zikomo kwambiri, ine ndilipo, kaya inu kumeneko?"

Uthengawo unandidyera saldo, ndalama za m'foni, ndipo mpaka lero sanandiyankhe.